Nsomba Imene Adada Anapha pa Wovwe

Ku Uraha aliyense ankadziwa kuti Wezzie, mwana wa a Chakufwa, akuphunzira ntchito yoperekeza alendo okawedza nsomba kumtunda kwa mtsinje wa Wovwe. Kuwedza kwake kwachilendo, nyongolotsi ayi. Mbedza amaikulunga ndi tinthenga ta nkhanga kuti izioneka ngati kachilombo kouluka, n'kumaiponya pamwamba pa madzi. A Chakufwa, msodzi wokalambira m'bwato, ankaseka mpaka kutsokomola, koma nthengazo ankakamutolera okha.

Chinthu chimodzi Wezzie sanawauze. Nsomba ikakodwa, mlendo amangoijambula, kenako imabwezedwa m'madzi yamoyo. Inu, munthu angayambire pati kuuza bambo ake msodzi kuti ntchito yake n'kutaya ndiwo? Zinkamuchititsa manyazi.

Linafika tsiku la mayeso. Mphunzitsi wawo, a Allan a ku Ntcheu, anabwera ndi mlendo weniweni, mzungu wachikulire wa chipewa chachikulu.

"Iwe Wezzie, mlendo ndi wako uyu," anatero a Allan. "Nsomba ikafera pamalo ako, ntchito uyiiwale."

Mtsikana anaigwira ntchito, abale! Anamuolotsa mlendo pa miyala yoterera, n'kumusonyeza dziwe la pansi pa mkuyu. Dzuwa lili pamutu chingwe chinakoka, nsomba ya mpasa yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu. Wezzie ananyowetsa manja, anachotsa mbedza bwinobwino, mlendo anajambula. Kenako anaitsitsira m'madzi n'kutambasula zala.

Nsombayo, yotopa, inali ikadayandama posaya pamene bango linathyoka kutsidya. Phuvu! Munthu m'madzi, atavala jekete la kutchalitchi, ndodo m'manja. Anaimenya pamutu, n'kuinyamula ndi manja awiri mpaka pamapazi a mlendo, nagwada m'matope.

Anali a Chakufwa. Anabwera mozemba kudzaona mwana wawo ali pantchito, ndipo ataona nsomba ikuchoka m'manja mwake anangoti yamupulumuka.

"Pepani bwana, nsomba yanu iyi," anatero akupuma wefuwefu, Chichewa chawo chopendekera ku Chitumbuka. "Akadali mwana uyu, manja sanalimbe. Musamuchotse."

Mlendo anangogwira pakamwa. Anzake a Wezzie ophunzira nawo, amene ankaonerera pamtunda, ankadziluma milomo kubisa phwete. A Allan nkhope inachita kuda bii.

"Wezzie, ukuwadziwa bambowa?"

Wezzie anayang'ana jekete lija likudontha matope, anayang'ana anzake. Ankalakalaka mtsinje utangomukokolola.

"Sindikuwadziwa, aphunzitsi."

Aa, mwana iwe! Anzake onse ankawadziwa a Chakufwa, ndipo phwete lija linatheratu pomwepo. Mkuluyo anakhala chigwadire kanthawi, akuyang'ana mwana wawo. Kenako anadzuka pang'onopang'ono.

"Akunena zoona, bwana. Ine ndimangodutsa."

A Allan anawalalatira kuti pano nsomba sitipha, timabweza, achoke nayo msanga. A Chakufwa anainyamula n'kulowa m'bango muja.

Wezzie anakhoza, poti wopha nsomba uja anali munthu wongodutsa. Mlendo anamuyamikira, a Allan anamugwira chanza, koma panjira yobwerera palibe mnzake anamulankhula. Iye mwini sankatha n'kudzutsa mutu komwe.

Kunyumba anapeza jekete lija litayanikidwa pa mtengo wa mango, matope osachoka bwinobwino. A Chakufwa anali pakhonde akusankha nthenga za nkhanga m'kambale. Wezzie anagwada chapatali. Asanayambe mawu opepesa amene anakonza njira yonse, bambo ake anatsogola.

"Wakhoza, mwana wane?" anafunsa osadzutsa maso.

"Ndakhoza, adada."

"Yewo. N'zimene ndinapitira."

Anamukankhira kambale ka nthenga kaja, n'kupukuta manja pa thalauza.

"Nsomba ija sindinabwere nayo," anatero. "Ndaibweza m'madzi monga mmene mumachitira inuyo. Ndinaigwirizira nthawi yaitali ndithu, koma sinasambire."