Chitsulo cha Wapampando

M'nyumba mwanga chitseko sitimenyetsa. Chivundikiro cha poto timaika pa nsalu, mbale zachitsulo sitiunjika. Adzukulu anga anakula akutsata zimenezi osadziwa chifukwa chake. Chifukwa chake ndi mwana wanga woyamba, yemwe anthu amamutcha Sajeni ngakhale usajeniwo sanaufike. Anamutengera ku nkhondo mokakamiza ali mnyamata, ndipo chibwerereni, chitsulo chikalira modzidzimutsa amadzigwetsa pansi n'kufunditsa mutu ndi manja. Akunja sadziwa. Amangoona bambo wa chifuwa chotambalala, woyenda ngati akuguba.

Ndiye kunamveka zoti boma likufuna lamulo lakuti wachinyamata aliyense azipita ku usilikali, afune asafune. Ine sukulu sindinaponde, koma mawu akuti "asafune" ndinawamva bwinobwino. Mtima unathamangira kwa Kachete, mdzukulu wanga wa kwa malemu mwana wanga wamkazi, yemwe amakanda ufa ku bekale ya pakona. Mwana ameneyu ngakhale nkhuku sazinga. Mlongo wake, Mphepo, ndiye wina: chiyambire ali wamng'ono amangoti adzavala yunifolomu.

"Onse azipita," anatero Sajeni tikudya. "Ana a masiku ano ndi ofewa ngati buledi wa Kacheteyu."

"Buledi wofewayo amamaliza ndani m'mawa, malume?" anafunsa Mphepo.

"Iwe ulibe mwambo. Ine kumeneko kunandisandutsa munthu."

"Inetu ndikufuna kupita. Koma pambali panga mundiikire munthu wobwera yekha, osati wongolira kwawo. Ameneyo zikavuta adzandisiya."

"Tseka pakamwa," ndinatero ine. "Chipolopolo sichidzakufunsa ngati unabwera wekha."

Kachete anangoweramira m'mbale.

Phungu wathu anaitanitsa msonkhano mu holo ya sukulu, nalonjeza kuti zimene anthu asankhe ndizo akanene kunyumba ya malamulo. Sajeni anapemphedwa kulankhula monga munthu woti anaziona. Ndinadziwa kuti akangotsegula pakamwa manja onse amutsatira, ndipo Kachete wanga wapita.

Ndinalawirira, monga ndimachitira kulikonse, kuti ndione zitseko ndi kothawira kukabuka moto. Ndipamene ndinaona limu ya galimoto ikulendewera kuseri kwa mipando ya olankhula, ndi chitsulo chomenyera chili patebulo. Ndilo belu la pasukulupo, ndipo aphunzitsi aakulu, amene anali wapampando, amalimenya anthu akasokosa. Mpando wa Sajeni unali pomwepo.

Maganizo anandibwerera: chisiye. Chikalira agwa pamaso pa onse, palibe amumverenso, Kachete apulumuka. Koma Sajeniyunso ndinamubereka ndine. Ndinatenga chitsulocho, n'kuchilowetsa m'nsalu yanga, n'kukhala pa benchi yakutsogolo ngati munthu wosadziwa kanthu.

Holo inadzaza. Wogulitsa matabwa anati anyamata achuluka m'misewu, akawongoledwe kumeneko. Mayi wina wosoka anamufunsa ngati ana a anthu olemera adzapite nawo kapena adzadwale onse tsiku lomwelo. Sajeni ataimirira anthu anaomba m'manja, koma asanafike patali ena kumbuyo anayamba kukuwizana. Wapampando anapapasa patebulo. Anasuzumira pansi.

"Chitsulo changa watenga ndani?"

Anayesa kumenya tebulo ndi chikhatho, osamveka. Sajeni anatembenuka, naona limu ili pafupi ndi khutu lake. Kenako maso ake anafika pa ine. Nsonga ya chitsulo inali itatulukira pafupi ndi phazi langa. Ndinamupukusira mutu kuti apitirize, asasamale za ine.

Sajeni anakweza dzanja mpaka ndi osokosa omwe anatonthola.

"Aphunzitsi, musavutike. Chili ndi amayi anga."

Anthu anaseka.

"Sekani, koma mumve. Abisa chifukwa mukanamenya limuyi mukanandiona ndili pansi pa tebulo. Kwathu anthu amaika chivundikiro cha poto ngati akugoneka khanda, chifukwa cha ine. Ndimati kunandisandutsa munthu. Munthu wake ndi ameneyu." Anapukuta kumaso. "Amene anabwera okha nawonso ankaopa, koma ankadziwa chimene anadzera. Ife ogwidwa tinkangoyang'ana njira ya kwathu. Wofuna apite, mumuphunzitse bwino, mumusamale. Wosafuna musiyeni atiphikire buledi."

Wa matabwa uja anayesa kunena kuti dziko silidikira ofuna okha. Mphepo anaimirira osapempha n'komwe.

"Ofunafe tilipo, bambo. Tiwerengeni kaye musanayambe kugwira anthu."

Anyamata ndi atsikana angapo anaimirira naye. Apa ndinaona kuti dzanja lopulumutsa Kachete ndi lomwelo lotsegulira Mphepo njira. Komabe atati okana lamulo akweze manja, ndinakweza onse awiri, lina lili ndi chitsulo. Manja anali ngati nkhalango. Phungu anayang'ana uku ndi uku, nati palibe chowerengera, wamva.

"Agogo, chitsulocho mubweza?" anafunsa wapampando.

"Tikatuluka pageti, ndipo musanamenye limuyo muyambe mwadikira tifike pamsewu."

Tinabwerera ine ndili pakati, Sajeni mbali iyi, Kachete mbali inayo atandigwira mkono, anthu akutipatsa moni njira yonse. Mphepo anali patsogolo, akuti mawa lomwe akukalembetsa usilikali.

"Ukadye kaye," ndinamuuza. "Usakaime kutsogolo kwa mzere, madzi osadziwa kochokera usakamwe, ndipo nsapato ukaziyese zonse ziwiri."

"Za nsapatozo uwamveretu," anatero Sajeni. "Pamenepo agogo ako sakunama."