Tabuleti Yotuluka Mafinya

Ndinalota ndili m'wodi ya amayi, nditanyamula tabuleti imene anatipatsa kuntchito kuti tizilembamo za odwala. Pa bedi lakumapeto panagona mayi wina wachilonda pamwendo. Bandeji yake inali itanyowa, ikununkha ngati nyama yowola.

"Anamwino, tandisinthani bandejiyi, chilondachi chikundinyerenyetsa," anatero.

Ndinati ndiike tabuletiyo pansi, koma inali itamatirira m'manja. Pagalasi pake panalembedwa kuti chilonda chauma. Nditadina kuti ndikonze, galasilo linaphulika ngati chithupsa, mafinya ofunda n'kuyenderera mpaka m'chigongono. Mphutsi zinkatuluka pa kabowo kotchajira, zikugwera pa nsapato zanga.

Kenaka adokotala anafika, maso ali pa foni yawo. "Awa atuluke lero, makina akuti achira."

"Adokotala, tanunkhizani kaye," ndinatero. Atadzutsa mutu, ndinaona kuti analibe mphuno.

Nditadzuka, ngakhale tiyi anandikanika. Tabuletiyi imatithandiza ndithu, mafayilo a odwala sasowanso ngati kale. Kaya malotowa akutanthauzanji. Koma lero kuntchito, ndisanadine chilichonse, ndinayamba ndavundukula bulangeti la wodwala aliyense.