Ndowa ya Kang'anzi

M'mawa uliwonse ndimayamba ndi matewera, kenako mbale, kukolopa, kuyamwitsa, ndiye n'kukathirira mkazi mnzanga. Ndi mmene ndimakatchulira kang'anzi kobiriwira ka m'mitengo kamene amuna anga amaweta pabalaza, m'kabati yagalasi yofika kudenga. Mchira wake ndi wautali kuposa thupi, kamakolowekera panthambi ngati dzanja. Kamafuna babu lotentha pamwamba, ziwala zamoyo, ndi chinyezi. M'kabati mukauma, khungu lofundula limakanirira kuzala, choncho ndimapopera madzi kawiri pa tsiku.

Mwezi watha kanasiya kudya. Mimba ili tantha, kakungoyendayenda m'nthambi, kukanda galasi. Amuna anga anati kadwala. Ndinawauza kuti matenda amenewo ndikuwadziwa, ndinali nawo ine chaka chatha. Atafufuza pafoni anavomera kuti ndi mazira, ndipo akakhalitsa m'mimba kanyamako kamafa. Anaika bokosi la dothi pansi pa kabati. Masiku anayi anatha, kosalisuzumira n'komwe. Iwo nkhope inagwa, chakudya kumangotolatola.

"Bambo a mwana," ndinawafunsa, "chibwerereni kanthu kameneka, munakaonapo kataponda pansi?"

Anaganiza, n'kunena kuti ayi, ngakhale madzi kamanyambita pamasamba.

"Ndiye mukuti kakaikire kumalo kumene sikafikako? Paja inu munanditumiza kwa amayi anu ndili wotopa. Ndinagona tulo?"

Anaseka koyamba sabata imeneyo.

Ndinakhuthula kandowa kanga ka mpunga, kachivindikiro. Ndinaboola pambali ndi mpeni wotentha, bowo longokwana thupi lake. Ndinadzazamo dothi losakaniza ndi utuchi, lonyowa koma losadontha ukalifinya, n'kukamangirira ndi waya panthambi yapamwamba, chapafupi ndi babu. Iwo ankangondigwirira mpando, uku akudandaula kuti ndowa yapinki ikuipitsa kabati yawo.

Tsiku lachiwiri masana, pabowo pankaoneka mchira wokha. Kanatuluka mimba itaphwa, khungu lili makwinya ngati malaya osasita, ndipo kanadya ziwala zisanu mondondoza. M'dothimo tinapeza mazira atatu oyera, ofewa ngati chikopa. Saswa, poti kamuna kalibe, koma amuna anga anawajambulabe n'kutumizira abale onse, mpaka alamu anga anafunsa ngati tikufuna mphatso.

Zimene zinalowa pa ntchitoyi ndi izi: kandowa kamodzi, mpeni wopindika nsonga, waya woyanikira zovala mikono iwiri, utuchi wopempha kwa kalipentala, ndi thuza pachala changa chachikulu, limene linapola patatha sabata.