Ngalawa ya M'kalata ya Ukwati

Tsiku limene ankalemba kalata ya ukwati wathu, shehe anafunsa bambo anga ngati mkwatibwi ali ndi chimene akufuna kuti chilembedwe. Atsikana anzanga a kuno ku Bahla, kumtunda kutali ndi nyanja, ankalembetsa zanzeru. Wina ankati amulole amalize sukulu, wina ankati asadzamubweretsere mkazi wachiwiri. Ine ndinatumiza mawu kuchokera kuchipinda cha azimayi akuti mwamunayo adzanditenge pa ngalawa ya thanga mpaka tikafike pa chilumba. Akuti shehe anaseka mpaka cholembera chinagwa. Koma analemba ndithu, ndipo mkwati, a Khalfan, anasaina akumwetulira ngati apatsidwa ntchito yotunga madzi.

Ngalawayo ndinaiona pa kalendala ya m'sitolo ya bambo anga, thanga loyera litafufuma, kutsogolo kwake kuli kachilumba. Nyanja yeniyeni ndinali ndisanaionepo.

Zaka makumi atatu ndi zitatu zinadutsa. Musaganize kuti amuna anga ankakana ayi. A Khalfan sakana kanthu, amangokhala ndi mitengo ya kanjedza. Ndikati tipite mu Febuluwale, ndiye kuti ndi nthawi yokwera mitengo kukaika mungu m'maluwa. Ndikati mu Juni, zipatso zayamba kupsa. Tikakolola, zikufunika kuyanika. Kukazizira, ngalande yothirira yagumuka penapake. Mitengo mazana awiri, ndipo uliwonse unali ndi tsiku lake lodwala.

Titakwatitsa mwana wathu womaliza, ndinatulutsa kalata ija m'bokosi, n'kuiika mu felemu, n'kuipachika m'chipinda cha alendo, pamwamba penipeni pa malo amene amuna anga amakhala akamathira khofi. Sabata sinathe. Ndili kukhitchini ndinkamva anzawo akulowa pochokera ku mzikiti.

"Moni, eni ngalawa! Mafunde ali bwanji lero m'ngalandemu?"

"Muwasiye, akudikira kuti nyanja ibwere yokha kuno ku Bahla!"

Alendo atapita anabwera kukhitchini, nkhope ili gwa.

"Mayi a Hilal, tachotsani pepala lija."

"Lichoka likakwaniritsidwa, bambo a Hilal."

"Chabwino. Bweretsani mapu."

Ndinathamangira kuchipinda. Mapu ndinali nawo kalekale, ndinkawasunga pansi pa nsalu zanga. Tinawayala pa mkeka, ine n'kuloza zilumba za Daymaniyat, pafupi pomwepa, ulendo wa m'mawa umodzi pa galimoto.

"Kumeneko ndi mabwato a injini okhaokha, odzaza ndi alendo ovala zosambira. Thanga mukaliona kuti?"

"Nanga chilumba cha Masirah?"

"Mukufuna mukwere chombo chonyamula magalimoto, mukhale pakati pa lole ndi mbuzi?"

Ndinati basi, ayambanso zija. Koma chala chawo chinatsika mapu onse mpaka kummwera kwenikweni, n'kuima pa timadontho ta m'madzi.

"Hallaniyat. Pa gombe loyang'anana ndi zilumbazi, ku Hasik, kuli munthu wina dzina lake Bakhit, ali ndi ngalawa yamatabwa ya makolo ake, ya thanga. Ndalankhula naye kale pa foni."

"Mwalankhula naye kale? Inuyo? Ndiye tipita liti?"

"Mu Ogasiti. Nthawi ya kharifu."

Kharifu! Ndinaimba nthungululu m'nyumba mwanga momwe, mphaka n'kuthawira panja. Mu Ogasiti kuno chiwongolero cha galimoto chimawotcha manja, pamene kummwera kumagwa mvula ya mawawa, mapiri n'kubiriwira, nkhungu n'kumalowa pa zenera. Aliyense amene ali ndi galimoto amathamangira kumeneko kukanyowa dala. Ife a kumtunda nyengo yabwino timaidziwa ndi mitambo. Ndinangoti ngati kumtunda kumakoma chomwecho, kuli bwanji panyanja?

Ndikanakhala wochenjera ndikanadabwa. Munthu amene sanasiyepo kanjedza wake ngakhale tsiku limodzi nthawi yokolola, lero akusiyira mwana wathu Hilal mitengo yonse popanda kudandaula? Koma mutu wanga unali utauluka kale. Ndinaimbira foni azichemwali anga onse anayi, wina kawiri chifukwa ndinaiwala kuti ndamuuza kale. Ndinasoketsa madiresi atatu, onse amtundu wa nyanja ya pa kalendala ija. Ndinadzola hina, utoto wofiirira wokongoletsera khungu, m'manja ngati mkwatibwi. Ndinagulanso chitini chachikulu cha haluwa, chakudya chotsekemera cha kwathu kuno, choti ndikapatse mwini ngalawa.

Tinayenda masiku awiri m'chipululu, ine ndikuimba njira yonse. Amuna anganso ankaimba, iwo amene saimba ngakhale pa ukwati wa ana awo. Titafika ku Salalah ndinatulutsa mutu pa zenera kuti mvula indigwere m'kamwa, gogo wa adzukulu asanu ndi mmodzi. Tinamwa madzi a kokonati m'mbali mwa msewu, tinadya nthochi mpaka mimba kuti ndi, kenako tinakhotera kum'mawa kulowera ku Hasik.

Nditangotsika galimoto, mphepo inandilanda mpango. Nyanja inali yotuwa, yathovu, ikumenya miyala ndi phokoso loti munthu sungamve mnzako. M'madzi munalibe ngalawa ndi imodzi yomwe. Zonse zinali pa mchenga, zitamangidwa zingwe, zina zitafunditsidwa malona.

"Aaa, tsoka ilo!" anatero amuna anga, akupukusa mutu mwaluso. "Taonani, mayi a Hilal. Ife tayesetsa, koma Mulungu sanalole. Tingoti kalata ija yakwaniritsidwa, si choncho? Nyanja mwaiona, ngalawa mwaziona."

Kuseri kwa khoma kunakhala azibambo awiri achikulire akusoka ukonde, wina wowonda, wina wa mimba ngati mtsuko. Amuna anga anawapatsa moni mwaulemu wonse. Wowonda uja anapendeketsa mutu.

"Tabwerezaninso moni wanuyo, achimwene."

Anabwereza.

"Mawu awa ndikuwadziwa ine. Inu si a ku Bahla aja?" Anamenya ntchafu ya m'bale wake wa mimba uja. "Musallam, ndi yemweyu! Ndi uja ndinkakuuza uja!"

"A Bakhit, mwina mwandisokoneza ndi munthu wina," anatero amuna anga, mawu akuchepa.

"Ndingakusokonezeni ndi ndani? Mayi, ine ndakalambira panyanja. Anthu amandiimbira kufunsa mwezi wabwino woyenda pa ngalawa. Moyo wanga wonse munthu mmodzi yekha ndi amene anandifunsa kuti, kodi ndi mwezi uti umene ngalawa siingalowe m'madzi ngakhale munthu atakukakamizani chotani? Anafunsa katatu! Ndinati Ogasiti, achimwene, Ogasiti ngakhale nsomba zimapempha tchuthi. Iwo anati zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni!"

A Musallam anaseka mpaka anagona chagada pa ukonde. Ine sindinaseke. Ndinabisa manja anga a hina m'diresi, ndipo zinandipweteka kwambiri, kuposa zaka zonse zija za kanjedza wodwala. Ndinabwerera m'galimoto. Patapita kanthawi amuna anga analowa, n'kukhala pansi akuyang'ana chiwongolero.

"Ndimaopa madzi," anatero. "Madzi amene ndimawadziwa ine amalekeza m'mawondo. Awa taonani, alibe ndi tsidya lomwe."

"Nanga munasainiranji?"

"Ndinkafuna inuyo. Akanalemba kuti ndikathyole mwezi kumwamba, ndikanasainanso."

Ndinkafuna kukwiya mpaka ku Bahla, ndinali nditakonzeka bwinobwino. Koma ndinawayang'ana, munthu amene amakwera mtengo wotalika kuposa nyumba zitatu akutafuna chipatso, akutuluka thukuta chifukwa cha madzi amene ali kunja kwa galimoto. Ndinayamba kuseka, kuseka kosaletseka, misozi ikusakanikirana ndi wanja wa m'maso. Ndinatenga chitini cha haluwa chija n'kubwerera kuseri kwa khoma.

"A Bakhit, tsopano ndikufunsa ine. Mwezi wabwino ndi uti?"

"Novembala, mayi. Nyanja imagona, kamphepo kamabwera pang'onopang'ono kuchokera kumpoto. Thanga limakhuta, munthu osasanza."

"Landirani ichi. Mukandiona mu Novembala musadzati simukundidziwa."

Pobwerera ndinawauza amuna anga kuti asavutike, ndidzapita ndi mchemwali wanga. Anayendetsa galimoto mtunda wautali. Kenako anati, "Pepala lija likutchula ine."

Novembala anachedwa ngati mwezi wa Ramadani uli m'chilimwe, koma anafika. Tinafika ku Hasik dzuwa litangotuluka, ndipo sindinaizindikire nyanja ija. Inali yosalala, yobiriwira, kutali kuli kachifunga koyera. Ngalawa ya a Bakhit inali m'madzi ikugwedezeka pang'ono, ikununkha mafuta a nsomba ndi matabwa akale. Ndinakwera ndisanaitanidwe. Ndinagwira chilichonse, ndinafunsa dzina la chingwe chilichonse, mpaka a Musallam anandipempha kuti ndikhale pansi ndisanagwere m'madzi.

Amuna anga anakwera chokwawa. Chovala chodzitetezera m'madzi chimene anawapatsa anachivala, koma sanachikhulupirire. Anatulutsa m'thumba lamba wawo wachingwe wokwerera kanjedza, wakuda ndi thukuta la zaka zambiri, n'kudzimangirira ku mlongoti. Anatseka maso n'kuyamba kupemphera chapansipansi.

"Akapolo a Mulungu, taonani," anatero a Bakhit. "Ndanyamulapo mbuzi zambiri, koma yodzimanga yokha ndi iyi."

Tinatuluka pa doko ndi injini. Titafika pakati a Bakhit anaizimitsa, ndipo abale awiri aja anayamba kukoka chingwe akuimba. Thanga linayamba kukwera. Linakwera, linakwera, litafika pakatikati linaima. Anakoka, osatheka. Anagwedeza chingwe, anachitukwana, osatheka.

"Chingwe chatuluka pa kagudumu ka pamwamba paja," anatero a Bakhit, atatchinga dzuwa ndi dzanja. "Musallam, takwera."

"Ndi mimba iyi? Ukufuna mlongoti uthyoke? Kwera iweyo."

"Mawondo anga anasiya ntchito chaka chatha." Anatembenukira kwa ine. "Mayi, tingoyatsa injini. Chilumba ndi chomwecho, mufika msanga kumene."

Ndinayang'ana thanga lija likulendewera ngati chovala chonyowa pa chingwe. Ndinayang'ananso amuna anga, nkhope itatuwa, milomo ikuyenda. Munthuyu wabwera, ndinatero mumtima, wachita mbali yake. Choncho ndinati, "Yatsani, a Bakhit. Palibe kanthu."

"Musayatse."

Tonse tinacheuka. Amuna anga anali atatsegula diso limodzi.

"Pepala likuti thanga."

Anatsegula diso linalo n'kuyang'ana kumwamba, monga amayang'anira mtengo wa mnzawo akafuna kuunyoza.

"Kamtengo aka? Wanga wa kuseri kwa khola la mbuzi umakaposa kawiri."

Anavula nsapato. Anavula chovala chodzitetezera chija n'kundipatsa ngati akundipatsa kapu ya khofi. Anapinda nsalu yawo m'chiuno, anakhwefula lamba pang'ono, anatsamira chagada, n'kuponda mlongoti ndi mapazi onse awiri. Anaponya lamba m'mwamba, anakwera. Anaponyanso, anakweranso. Ngalawa inkapendekera uku ndi uku, iwo akupita nayo limodzi, akudandaula mokweza kuti mtengo wanji woterera chonchi, wopanda ndi popondapo pomwe, anaudzala ndani.

"Musallam, ukuona zimene ndikuonazi?" anatero a Bakhit.

"Ndikuona, koma kumudzi sakatikhulupirira."

Pamwamba paja zala zawo zinagwira ntchito monga zimachitira m'maluwa a kanjedza. Anakuwa kuti kokani. Abale aja anakoka, inenso ndinagwira chingwe kumapeto ngakhale palibe anandipempha, ndipo thanga linakwera lonse. Linagwedezeka kamodzi, kawiri, kenako linafufuma ndi mphepo. Ngalawa inapendeka n'kuyamba kuyenda yokha, popanda phokoso, madzi akungoti waa m'mbali. Ndinaimba nthungululu yoti anaimva ku Bahla. Ndinavina pa matabwa paja, diresi langa la mtundu wa nyanja likuuluka, a Musallam akuwomba m'manja.

"Achimwene, tsikani tsopano!" anakuwa a Bakhit. "Ntchito yatha!"

Sanatsike. Anali atatsamira pa lamba wawo, dzanja lili pa mphumi, akuyang'ana kutsogolo.

"Zuwaina!"

Ndinaima. Chikwatiranireni anali asananditchulepo dzina langa pamaso pa anthu.

"Zuwaina, ndachiona! Chilumba chako chija, ndachiona!"

Ndinathamangira kutsogolo kwa ngalawa, koma pansi pano panali chifunga chokhachokha.

"Chikuoneka bwanji?"

"Mwala wokhawokha! Palibe ndi mtengo umodzi womwe! Zaka zonsezi wandivutitsira mwala!"

Ankaseka, munthu wamkulu, ali m'mwamba pakati pa madzi opanda tsidya. Inenso ndinkaseka, koma maso anali atadzaza moti ngakhale chifunga chikanachoka sindikanaona kanthu. Ndinadikira chilumba chimenecho kuyambira ndili mtsikana, ndipo woyamba kuchiona anakhala iwo. Sindinachite nsanje ngakhale pang'ono.

"Mayi, auzeni atsike," anatero a Bakhit. "Inu akumverani."

Ndinapukuta maso ndi mpango n'kuyang'ana kumwamba.

"Musatsike, bambo a Hilal! Khalani pomwepo, muzindiuza zimene mukuona mpaka tifike!"