Makina Oganiza Ngati Bambo

Tiyi wa folo koloko Lamulungu anawapeza onse pakhonde: bambo pa mpando wawo wansalu, mayi akusokerera batani pa malaya, mpongozi wawo akuthira tiyi m'makapu. Mwamuna wake, Injiniya, ndiye yekha sanakhudze kapu. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake tsiku lomwe anaphwasula wailesi n'kulephera kuibwezera, ndipo linamukakamira mpaka lero ali ndi ndevu, laputopu ili pamiyendo.

Chipatala china chinali kuyesa makina oyankha odwala pafoni, aja amawerenga uthenga n'kuchita okha zomwe munthu wapempha. Makinawo anali ndi zida zawo: cholembera wodwala tsiku loonana ndi dokotala, chosunthira tsikulo, ndi cholifafanizira. Injiniya ndiye ankalemba mawu ofotokoza chida chilichonse, kuti makina adziwe choti atole. Tsono pa mayeso a Lachisanu, mwa odwala ongoyerekeza makumi awiri opempha kusuntha tsiku, makina anafafaniza asanu ndi anayi. Abwana ake sanakalipe. Anangoti mayeso ena ali Lolemba m'mawa, zikakanikanso ntchitoyo ipita kwa wina.

"Makina opusa," anadandaula Injiniya. "Ndawalembera zonse, koma mutu ngati mwala."

"Tawerenga timve," anatero bambo, omwe anali kalipentala asanapume.

"Simungamve, bambo. N'zamakompyuta."

"Ndiye zakhala bwino," anatero mkazi wake. "Makinawonso sakumva. Bambo akhale makina, ine ndikhale wodwala."

Pofuna kuwatseka pakamwa, Injiniya anawerenga. Cha kufafaniza anachiwerenga monyadira, pakuti anachilemba tsiku lathunthu: "Chida ichi chimachotsa tsiku la wodwala amene sangathe kubwera. N'chachangu, n'chodalirika, chimamasula malo kuti wina alowepo, ndipo chimadziwitsa dokotala nthawi yomweyo." Cha kusuntha chinali chachifupi: "Chosunthira tsiku. Onani buku la malangizo."

Mkazi wake anagwira mutu, nabuula. "Pepani achipatala, Lachiwiri sindingathe kubwera. Kodi Lachinayi zingatheke?"

Bambo anamwa tiyi, natsinzina pang'ono ngati akuyeza thabwa.

"Fafaniza."

"Bambo! Munthu watchula Lachinayi!"

"Ndamva. Koma wayamba n'kuti sangathe kubwera, ndipo chida chako chija chati wosatha kubwera ndi wanga. Chinzakecho chikundituma kubuku. Bukulo lili kuti?"

Bukulo linali m'kabati ya kuofesi. Makina sanalionepo chibadwire.

Anayesa mauthenga onse makumi awiri, mkazi wake akusintha mawu, pena nkhalamba, pena mayi wa khanda. Bambo anafafaniza asanu ndi anayi. Injiniya atayang'ana pa laputopu, anapeza kuti ndi omwewo amene makina anafafaniza, osaphonya ndi mmodzi yemwe. Anafuna kubwereza mawu aja akuti opusa, koma anaona nkhope ya bambo ake, nawameza ndi tiyi wozizira.

"Vuto lako, mwanawe, ukulembera munthu wodziwa kale," anatero bambo, atakhazikika bwino pampando. "Ine pophunzitsa ntchito sindinkatamanda sowo kuti ndi yakuthwa. Ndinkanena kuti apa tenga sowo, apa isiye, uwononga thabwa. Chida uchifotokoze potolera ndi posiyira."

Mayi anadula ulusi ndi mano.

"Inuyo? Zaka makumi anayi ndakhala nanu, chida chilichonse mumangochitchula kuti 'chija'. Okuthandizani ntchito anathawa angati?"

"Anali opusa amenewo."

"Eya. Ngati makina a mwana wanuyu."

Mpongozi anathawira kukhitchini ndi thireyi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Dzuwa lisanalowe, Injiniya analembanso. Anachotsa "chachangu" ndi "chodalirika", ngakhale mtima unamuwawa. Pa chofafaniza analemba kuti: "Tola ichi pokhapokha wodwala wanena kuti sadzabweranso. Akatchula tsiku lina, chisiye." Pa chosunthira anati: "Tola ichi wodwala akapempha tsiku lina, ngakhale atayamba n'kuti sangathe kubwera." Mawu owuma, opanda mchere. Anawerengeranso bambo, ndipo bambo anasuntha onse, akuyasamula.

Lolemba m'mawa makina anakhoza khumi ndi asanu ndi anayi. Abwana anavula magalasi, namufunsa njira yomwe anagwiritsa ntchito.

"Ndinayamba ndayesa pa makina ena akale amene tili nawo kunyumba," anayankha Injiniya.

"Uwasunge bwino," anatero abwana. "Akale salephera."

Masana atabwerera, anapeza bambo atagwada pa chitseko cha kukhitchini, chimene chinkakhula pansi kuyambira dzinja. Dzanja limodzi linagwira chitseko, linalo analitambasulira kumbuyo osacheuka.

"Wafika bwino. Tandipatsa chija."

Injiniya anaima pa bokosi la zida, chikwama chikadali paphewa. Munali hamala, sowo, tchizulo, ndi zina zomwe sankadziwa n'komwe maina ake. Anaganiza, natola hamala.

"Osati icho, iwe! Chija!"

Mayi, ali pawindo ndi singano yawo, sanakweze mutu.

"Onani buku la malangizo," anatero.