Asiyeni Amisiri Akalambe

Mwana wanga wamkazi atabwera kuchokera kuntchito Lachiwiri lija sanavule ndi nsapato zomwe. Anangokhala pansi kukhitchini, msana atatsamira firiji. Ndinamufunsa kawiri, osayankha. Kachitatu ndinamenyetsa chivundikiro cha poto patebulo.

"Awachotsa, amayi," anatero. "Anthu a M'matope. Abwana akuti Lachisanu chowonjezera chituluka popanda iwo."

Ndifotokoze kaye, poti ena mwa inu mumayesa gemu ya pakompyuta ndi ya ana osowa chochita. Pali gemu ina yakale ya nkhondo, ya m'dziko lopeka. Umayamba ndi amisiri asanu ndi kanyumba kamodzi. Umawatuma kudula mitengo ndi kuswa miyala, umamanga mudzi, umasonkhanitsa asilikali, ndipo mdani naye akuchita zomwezo nthawi yomweyo, palibe zodikirana. Ukangoyasamula, wapsa. Muli okwera akavalo ovala zitsulo, amatsenga oponya moto, ndi zinjoka za mapiko. Gemu yotere ikakalamba saitaya. Amaipangira chowonjezera: mapu atsopano, nkhani yatsopano, mtundu wina wa anthu, ngati kumangira chipinda china panyumba yomwe ilipo kale. Mwana wanga amagwira ntchito imeneyo, ndipo mtundu watsopanowo anaupanga ndi iye, zaka ziwiri zathunthu.

Ndinawaona akubadwa anthuwo, papepala, patebulo langa lositira zovala. Afupiafupi, mapazi otambalala, nyumba zawo zomangidwa pamsana pa afulu aakulu ngati malole. Fulu akayenda, utsi wa kukhitchini ukuyenda naye, ndi zovala zili pachingwe zikukupiza. Ine sinditama chinthu wamba, koma zimenezi ndinaziyang'ana tsiku lina mpaka kupsereza kolala ya mwini.

"Akuti chavuta n'chiyani?"

"Akuti ndi ofooka. Oyesa gemu awasewera maulendo makumi anayi, agonja makumi anayi."

"Ndiye iwe unati chiyani?"

"Ndinati chabwino."

Chabwino! Bambo ake enieni. Malemu uja ukamuponda chala amapepesa ndi iye. Kuchipatala anamuuza kuti abwerenso mwezi wamawa, iye n'kuti chabwino, mwezi wamawawo unafika titamuika kale. Mawu amenewa m'nyumba mwanga sindiwafuna.

Gemuyo ndimaidziwa, musadabwe. Malemu ankaikonda ngati mkazi wachiwiri, ine n'kumadana nayo ngati mkazi mnzanga. Koma chaka chake chomaliza manja anayamba kunjenjemera, mausi a kompyuta osagwirika. Ankakhala pambali panga atafunda bulangeti, iye kulamula, ine kudina. Moti ndinaiphunzira ndili wokwiya, ndipo chomwe waphunzira uli wokwiya suiwala.

Lachitatu m'mawa ndinasiya mulu wa zovala za anthu, n'kukwera basi limodzi ndi mwana wanga. Njira yonse ankandichonderera kuti ndisakamuchititse manyazi. Ine maso pawindo.

Ofesi yawo ndi chipinda chimodzi chachitali pamwamba pa sitolo ya matayala. Makatani otseka dzuwa likuswa mtengo, mawaya ali yakata pansi, makapu a khofi osatsuka paliponse. Pakhoma panali chithunzi cha fulu wa mwana wanga, wina atachikhwatcha ndi cholembera chofiira. Ndinachiona.

Bwana wawo amamutcha Magalasi. Ndinkayembekeza chimunthu chamwano, koma ndinapeza kamunthu kotopa, kaulemu. Zinandikwiyitsa kwambiri, poti munthu waulemu ndi wovuta kumukalipira.

"Takulandirani, amayi. Kwagwanji?"

"Amene wakhala akusewera anthu a mwana wanga ndi ndani?"

Analoza bambo wina wandevu mpaka pachifuwa. Ameneyo ndi Zala, mkulu wa oyesa gemu.

"Tasewerani ndione," ndinatero.

Chilungamo ndinene, munthu uja ndi katswiri. Zala zake pakiyibodi zinkamveka ngati mvula padenga la malata. Uku akumanga, uku akutuma asilikali, uku akuzonda, zonse kamodzi, nkhope ili phee ngati akumvera wailesi. Ndipo kuona zinthu za mwana wanga zikuyenda pasikirini, afulu akutukula mapazi m'matope, madzi akubwerera m'mapondero mwawo, ndinagwira pakamwa. Papepala zinali zokongola, koma apa zinali ndi moyo.

Kenako ndinaona zonyansa. Anatenga amisiri atatu n'kuwatumiza kukasuzumira kwa mdani. Onse anadyedwa. Nkhondo itafika pakhomo, anatenga otsalawo n'kuwaimika kutsogolo kuti mivi ithere mwa iwo. Mphindi khumi ndi ziwiri, mudzi wonse phulusa.

"Mwaona, amayi?" anatero Zala. "Ndi okongola, koma alibe mano."

"Mwawapha ndinu. Munthu wakudulirani mitengo kuyambira m'mawa, kuthokoza kwake n'kumupereka kwa chinjoka?"

Anyamata ndi atsikana a m'matebulo enawo anaseka. Zala nayenso.

"Amisiri savuta, amayi. Akafa umapanga ena. Dziko lonse limasewera choncho."

"Dziko lonse likamadya ndi mapazi inunso mudzavula nsapato?"

Mwana wanga ankayang'ana pansi. Ndinamugunda ndi chigongono. "Iwe, lankhula. Pakamwa unasiya m'basi?"

Analankhula, mawu ngati a udzudzu. Anati mmisiri wa M'matope akakhala ndi moyo mphindi makumi awiri amamera imvi. Akamera imvi, khoma lililonse lomwe walikonza limasanduka mwala, ndipo pomwe wadula mtengo amadzalapo wina. Mphamvu ya mtunduwo ili mwa okalamba.

"Zimenezo tikuzidziwa," anatero Magalasi, akupukuta magalasi akewo ndi malaya. "Zili m'pepala lake, ndipo ndi nzeru yabwino. Koma m'gemu imeneyi palibe mmisiri amene amafika mphindi makumi awiri. Chinthu chomwe wosewera sadzachiona, amayi, n'chimodzimodzi palibe."

"Inu munaonapo imvi imodzi?"

"Ayi."

"Maulendo makumi anayi, osaona imvi imodzi, n'kumati mwayesa? Mwayesa chiyani? Bambo Zala, khalani uko mutenge zinjoka zanuzo. Ine ndikhala apa."

Magalasi anayang'ana wotchi, anayang'ana mwana wanga, n'kupumira m'mwamba. "Gemu imodzi, isanakwane nthawi ya nkhomaliro."

Ndinakhala pampando wa mwana wanga. Mausi ake opepuka ngati chigoba cha dzira, moti poyamba ndinkangodina pomwe sindikufuna. Zala ali tsidya la chipinda anafuula: "Musaope, amayi, sindikupwetekani kwambiri!"

"Samalani ndevuzo zingakodwe m'mabatani!"

Ine liwiro ndilibe, ndipo sindinayese. Ndinapeza malo pakati pa mtsinje ndi thanthwe, ndinakokera afulu onse pamenepo, n'kuwaimika mozungulira, mitu mkati, zigoba kunja. Amisiri ndinawalowetsa pakati kuti amate khoma la matope m'mbali mwa afuluwo. Palibe amene ndinamutuma kukaona kwa mdani. Ndikaone chiyani? Ndikudziwa kuti akubwera.

Anabweradi, mphindi yachisanu ndi chitatu, okwera akavalo ali mbuu. Asilikali ochepa omwe ndinali nawo anatha ngati mchere m'madzi. Khoma la matope linang'ambika kumanzere. Wina kumbuyo kwanga anati, "Ikani amisiri pamenepo atseke!" Ndinati, "Ikanipo amalume anu." Ndinabweza amisiri m'mbuyo, n'kusuntha fulu mmodzi kuti agone pampatapo. Anamulasa mpaka nyumba ya pamsana pake inayaka, koma sanasunthe. Mwana wanga anamupanga wouma mutu, ndipo ndikudziwa kumene anatengera.

Adaniwo anabwerera, anabweranso. Ulendo wachitatu anabweretsa amatsenga oponya moto. Ndinataya afulu awiri ndi mmisiri mmodzi amene anachedwa ndi mtolo wa nkhuni. Ameneyo anandiwawa. Dzanja linayamba dzanzi, thukuta likutsikira m'khosi, ndipo chomwe ndinkachita n'chimodzi: kukonza, kubweza anthu, kukonzanso. Ntchito imeneyo sindinaiphunzire pakompyuta.

Kenako mtsikana wina amene anaimirira kumbuyo kwanga anakuwa, "Taonani mutu wake!"

Kammisiri kamodzi, kamene kanali kakumata khoma, mutu unayera mbee. Kanawerama pang'ono msana, kayendedwe kanasintha, n'kuyamba kuyenda mosathamanga ngati munthu wodziwa kumene akupita. Kanagwira khoma ndi manja onse awiri, ndipo matope anayamba kuuma kuchokera pansi, kusanduka mwala wotuwa, ukumveka kulira ngati mphero ili kutali. Wachiwiri anayera. Wachitatu. Chipinda chonse chinasiya ntchito. Anthu omwe anakhala ndi chinthucho miyezi yonseyi anali kuchiona koyamba, ndipo ena anali kukamwa yasa.

Magalasi anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda sikirini. "Phokoso limenelo unaliika liti?"

"Chaka chatha," anatero mwana wanga.

Zala anatumiza zinjoka zisanu. Zinalavula moto pamakoma mpaka sikirini yonse kufiira. Utsi utachoka, makoma ali chilili, okalamba anga akusesa phulusa. Anayesa kumtsinje, anayesa kuthanthwe. Nkhomaliro inadutsa, palibe anaikumbuka. Patatha ola ndi theka, kiyibodi yake inayamba kumveka mwa apo ndi apo ngati mvula ikukata.

"Mitengo yandithera," anatero. "Ndadula nkhalango yonse."

Kwanga kunali kobiriwira mpaka kumtsinje.

"Ndiye bwerani mudzandimalize, amayi."

"Ndikatani kwanuko? Kulibe ndi mtengo womwe. Ine kumenya sindidziwa, ndipo sindinabwerere zimenezo."

Zala anavula zomvera za m'makutu, n'kubwera kudzaima pambali panga. Anayang'ana mudzi wanga nthawi yaitali, akukanda ndevu. Ndinkadikira mwano kuti ndimubwezere, koma anatembenukira kwa mwana wanga.

"Achemwali, atakhala kuti wina wadziwa kuwasunga chonchi, kenako n'kuyendetsa afulu onse ndi makoma awo kupita kwa mdani, zingatheke?"

"Zingatheke. N'chifukwa chake ali ndi miyendo."

"Ayi ndithu," anatero Zala, n'kuseka yekha. "Bwana, ndipatseni masana ano. Ndikufuna ndiwasewere ine."

Magalasi anapita pakhoma paja, anachotsa chithunzi chokhwatchidwacho, n'kuchipinda. Anati Anthu a M'matope atuluka Lachisanu. Koma anati vuto lake likadalipo: osewera kunjaku ali ngati Zala, adzapha amisiri asanaone imvi. Pakufunika gawo loyamba lowaphunzitsa, loti ukataya mmisiri mmodzi wagonja.

"Masiku awiri," anatero kwa mwana wanga. "Ukwanitsa?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhire. Mwana wanga anandigwira paphewa.

"Ndikwanitsa ngati mundipatsa anthu awiri ndi Zala. Ndipo palibe wondisinthira kanthu osandifunsa." Kenako anandiyang'ana. "Amayi, dzukani pampando wanga. Basi ya kwathu imaima kutsogolo kwa sitolo ya matayala."

Ndinadzuka, mwendo uli dzanzi. Ndikutsika masitepe ndinamumva akuitana Zala kuti abwere ndi mpando wake, ndipo mawuwo ankamveka mpaka pansi.