Khutu la Alamu

Wochuna piyano anali ndi mlamu wake wamkazi amene anabadwa ndi khutu lamphatso. Mukagogoda kapu ndi supuni, mayiyo ankakuuzani noti yake, kaya ndi do kaya ndi re, asanayandikire n'komwe piyano. Mphatsoyo inamupatsa matama osati masewera. Ankaphunzitsa ana kuimba pabalaza pake, ndipo tsiku lina anamuyalutsa wochunayo pamaso pa makolo awo.

"Alamu, mwachunayi ndi piyano kapena ndowa? Inu popanda kachitsulo kanu koyezera mawuko ndinu gonthi basi."

Makolo anafa nacho chiseko. Pasanathe mwezi, nyumba zisanu zinasiya kumuitana. Munthu wazaka makumi atatu pantchito, kusanduka choseketsa! Zinamuwawa mpaka m'mafupa, koma anangoti laponda lamphawi.

Kwa mlamuyo sanasiye kupitako. Mwezi uliwonse ankatsegula mobisa piyano ya mlamuyo, n'kulowetsa sipanala, n'kumasula waya aliyense pang'ono kwambiri, mawaya onse mofanana. Nyimbo zinkamveka bwinobwino, kungoti piyano yonse inkatsika. Khutu lomva piyano imodzi tsiku ndi tsiku limaitsatira ngati mbuzi yapachingwe. Pang'onopang'ono ndi mtolo: chaka chitatha, khutu lotchuka lija linali litatsika nayo.

Tsiku la mayeso a ana, mu holo yodzaza, woyesa atangoyamba kuliza piyano ya kumeneko, mayiyo anadzambatuka.

"Imani! Piyano iyi yakwera. Mundiphera ana!"

Oyang'anira mayeso anabweretsa makina oyezera mawu. Piyano inalibe vuto. Ophunzira a mayiyo, ozolowera mawu otsika, anaimba mophonya mmodzimmodzi, makolo akuyang'anitsitsa mphunzitsi wawo. M'mawa mwake wochunayo anapita kukakweza mawu a piyano ya pabalaza ija kuti abwerere m'malo mwake, mwiniwake kulibe.

Patapita sabata mayiyo anafika kushopu ya wochunayo, maso ali psuu. Anakhala pa benchi yafumbi osapukuta.

"Alamu, ngakhale piyano yanga yomwe ikumveka yokwera. Ana onse achoka. Inu simunganame, ndiuzeni zoona. Ndi piyano kapena ndine?"

Wochunayo anapukuta manja mosafulumira. Anadikira kuti chisoni chimugwire, koma sichinabwere. Mtima unali mbee.

"Piyano ili bwino," anatero mofatsa. "Ndi ukalamba, alamu. Khutu likapita silibwerera."

Mayiyo anagwedeza mutu, n'kumuthokoza.